Mwendo wa Apongozi Wakana Kulowa M'kagalimoto

"Sendezani pang'ono, bambo. Pang'ono pokha, chitseko chitsekeka."

Ankatero bambo a mapasa, atagwada pamalo oimika magalimoto pachipatala, thukuta lili kamukamu, atanyamula mwendo wa apongozi awo ngati mtolo wa nkhuni. Mwendowo unali m'chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka m'kakolo. Madalawo anaterereka m'bafa masabata awiri m'mbuyomo, ndipo powatulutsa tsikulo dokotala ananenetsa kuti mwendo usapindike ndipo usagundidwe.

Vuto linali loti apongoziwo anali aatali ngati mtengo wa magetsi, pomwe kagalimoto ka mkamwini wawo kanali kakafupi. Anayamba ayesa kutsogolo, mpando ataukankhira kumbuyo mpaka pomwe unathera, koma chidendene chinakaguma pansi pa dashibodi. Tsopano anawakhazika chopingasa pampando wakumbuyo, koma phazi linatsalabe kunja.

Kunena zoona, kagalimotoko sikanali koipa. Bambo a mapasa anakagula atatopa ndi zaka khumi ndi chimodzi zopanikizana m'minibasi popita kusukulu komwe ankaphunzitsa. Mafuta kankangonyambita. Pomwe ena ankazungulira kufuna poimika, iko kankangolowa pakampata n'kuima. Koma alamu awo, achimwene a mayi a mapasa, omwe anali ndi chigalimoto cha bodi, anakapatsa dzina tsiku loyamba lomwelo: Kabokosi ka Machesi. Banja lonse linaseka, ndipo dzinalo linakakamira.

"Imbani foni kwa achimwene," anatero mayi a mapasa, atakumbatira chikwama cha zovala za bambo awo. "Mwina ntchito ija yatha."

"Ndakuuzani kale kuti atanganidwa. Talekani, alowa basi."

Anakweza phazi lija, nalipendeketsa pang'ono, kenaka anakankha chitseko ndi bondo. Chitseko chinamenya chikhakha, kho! Madala anakuwa kukuwa komwe mwana wawo anali asanakumvepo chibadwire. Anthu omwe anali pamzere wolandira mankhwala anatembenuka onse. Misozi inatsika m'masaya a munthu wamkulu, munthu amene sanalire ngakhale tsiku lomwe anathyoka.

"Mukufuna muwathyolenso kachiwiri?" Mayi a mapasa anaponya chikwama pansi n'kutulutsa foni. Anaikweza mawu kuti manja awiri onse agwire phazi la bambo awo.

"Achimwene, muli kuti? Bambo akukanika kulowa m'galimoto kuno."

"Iii, mlongo, ine ndili kutali tsopano, ndapita kukatenga matabwa," anayankha alamuwo, mawu akumveka kwa aliyense. "Si alamu anandiimbira m'mawa kuti ndisavutike? Ine ndinali nditayala kale matiresi kumbuyo. Akuti, 'Ifenso tili nayo galimoto, bambo tikawatenga tokha.' Ndiye Kabokosi kaja kawakana?"

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Bambo a mapasa anangoti zyoli, maso pa tayala. Manyazi anawagwira, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika. Mkazi wawo sanakalipe. Anangowayang'ana, nathimitsa foni.

"Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu," anatero motsitsa mawu. "Mwano anakunenani ndi achimwene, koma amva kuwawa ndi bambo anga."

Mlonda wa pageti, yemwe ankaonerera zonsezi ali pakhomo la kanyumba kake, anabwera akukoka phazi, sipanala ili m'manja.

"Aphunzitsi, nsapato ikathina sitidula chala ayi. Timagalimoto iti n'tabwino chinthu chimodzi: mpando wakutsogolowu wangogwira ndi mabawuti anayi. Mulibe mawaya, mulibe chiyani. Chotsani, akuluwa akhale kumbuyo, mwendo aongolere kutsogolo."

Bambo a mapasa analandira sipanala ndi manja awiri. Anagwadanso, malaya awo oyera akupukuta fumbi la pansi, n'kuyamba kumasula. Mabawuti atatu anatuluka mosavuta. Bawuti lachinayi linali ndi dzimbiri, ndipo sipanala itaphonya anadzisupula khungu pachala. Sanadandaule, ankaona kuti n'zowayenera. Pansi pa mpandowo panatuluka chipeso chomwe chinasowa kalekale, cholembera chofiira ndi nsapato imodzi ya mwana.

"Mpandowu ukhala kwa ine," anatero mlonda akuusenza. "Musafulumire kudzautenga, msana wanga wavutika nalo kokwanira benchi la m'kanyumba kanga."

Ulendo uno madala analowa bwinobwino. Kagalimotoko kanali kotsika, kotero anangochoka pa njinga ya odwala n'kutsetserekera pampando, osakwera chilichonse. Mwendo unagona mowongoka pomwe panali mpando, pansi pake ataikapo chikwama cha zovala. Mayi a mapasa anakhala pambali pawo, kumbuyo kwa mwamuna wawo.

Ananyamuka ulendo wakunyumba. Pokwera chitunda cha kumsika kagalimoto kanalira ngati kakupempha chikhululuko, njinga yamoto yonyamula anthu awiri n'kukapitirira. Pa hampu iliyonse kankakhula mimba pansi, ndipo bambo a mapasa ankasuzumira pagalasi n'kuona apongozi atatsinzina, ataluma mano.

Atafika pakanjira kolowera kunyumba ya madala, kopanikizika pakati pa mipanda iwiri, komwe alamu ankasiya chigalimoto chawo kumsewu, kagalimotoko kanangolowa n'kukaima pakhonde penipeni. Tsiku lina bambo a mapasa akanadzitama nazo sabata yathunthu. Tsikuli anangozimitsa injini, manja n'kuwasiya pa chiwongolero.

"Bambo, ndalakwa," anatero osatembenuka. "Alamu ndinawaletsa ndine. Ndinkafuna anthu aone kuti nanenso ndingathe."

Madala anatsegula maso.

"Mwananga, galimoto yanu ilibe mlandu. Yandifikitsa pakhomo, pomwe chija cha mlamu wanu chikanandisiya kumsewu ngati thumba la simenti. Iyo inanena poyera kuti mwendowu sukwana. Amene simunamve ndinu." Anasisita chikhakha. "Lachiwiri lililonse akundifuna kuchipatala, masabata asanu ndi limodzi. Muzidzanditenga inuyo. Koma chitseko ndizitseka ndekha."

Atawagoneka madala n'kuwaikira pilo pansi pa mwendo, awiriwo anatuluka. Mayi a mapasa anatsekula chitseko chakumbuyo n'kukhala, chikwama chawo pamiyendo. Mwamuna wawo anayang'ana mabowo anayi omwe anatsala pomwe panali mpando.

"Masabatawa akatha ndidzaubwezera," anatero. "Mudzakhalanso kutsogolo."

"Bwezerani ngakhale mawa. Bambo akukhululukirani chifukwa mwendo ndi wawo. Ine munandinamiza m'maso muli gwa, m'nyumba mwanga, ndikukusitirani malaya omwewo. Ndipo achimwene mwawasandutsa munthu wosasamala bambo ake, ine n'kumawanyoza mumtima m'mawa wonse. Mpaka muwauze zimenezo ndi pakamwa panu, malo anga ndi ano."

Bambo a mapasa anali atagwira kale kiyi. Anaisiya, natulutsa foni m'thumba. Anasaka nambala ya alamu ndi chala chosupuka chija. Inaitana kawiri.

"Eee, a Kabokosi!" anatero alamu, akuseka. "Mwafika amoyo?"

"Tafika, alamu," anayankha bambo a mapasa. "Musadule. Mlongo wanu ali pompano akumva, ndipo ndili ndi mawu oti ndinene."