Kapinga wa a Pickering

A Pickering, aneba anga kuno ku Leeds, anafesa kapinga chifukwa cha mantha. Mwana wawo Gillian anali atawauza kuti bwalo la kuseri kwa nyumba lasanduka tchire, ndipo nkhalamba yolephera kusamala bwalo siyingakhalenso yokha. Malo kunyumba yosungirako okalamba anali atawapezera kale. Madalawo anachonderera: kapinga akamera, awasiye m'nyumba mwawo.

Analima, kusalaza, kufesa, n'kuthira feteleza wa mafupa ogaya ndi magazi ouma, yemwe bambo awo ankathira kalekale. Koma abale inu, nkhandwe za m'tauni muno zilibe manyazi! Zitamva fungolo zinayesa kuti pansi pakwiriridwa nyama. Kutacha, bwalo lonse linali maenje okhaokha, njiwa zikutolera mbewu zotsala.

Anafesanso. Anayala ukonde, nkhandwe zinaung'amba. Anawaza tsabola, mvula inakokolola. Ine ndinkasuzumira pampanda n'kumawaseka kuti atsegula lesitilanti ya zilombo, iwo n'kumandiyankha kuti ndiyambe ndalanditsa kabichi wanga kwa nkhono. Koma mtima unkandiwawa, chifukwa akagwada ankadzuka mochita kukwera pa mpini wa fosholo.

Kenaka anzawo a kukalabu ya zamaluwa anawakumbutsa mankhwala akale: mkodzo wa mwamuna. Nkhandwe ikaununkhiza imadziwa kuti malowo ali ndi mwini wake. Basitu, m'mawa uliwonse madala ankamwa tiyi wambiri, n'kuzungulira m'mphepete mwa bwalo akuthirira. Zinathandizadi. Maenje anachepa, timasamba tobiriwira tinayamba kutuluka.

Lamulungu lina Gillian anabwera osanena. Analowera pageti la kumbali, n'kupeza bambo ake ali m'zovala zogonera, akukodza pabwalo kunja kutayera mbee.

"Ndikuthamangitsa nkhandwe, mwanawe," anatero a Pickering.

Gillian anayang'ana uku ndi uku, nkhandwe osaiona. Sanakalipe ayi, ndipo bola akanakalipa. Anangowagwira mkono mofatsa.

"Chabwino adadi, zathawa. Tiyeni m'nyumba."

Ndinakuwa ndili pampanda kuti n'zoona, aliyense wolima maluwa amaidziwa njirayi. Gillian anandithokoza uku akumwetulira monga momwe anthu amamwetulirira ana ang'onoang'ono, poti nanenso imvi zili mbuu. Ndinapsa mtima, koma mawu a nkhalamba ziwiri ndani angawawerengere?

Gillian anadzawatenga mwezi usanathe, n'kukawasiya kunyumba ya okalamba ija. Kumene aliko, pawindo pawo amangoona poimika magalimoto.

Kapinga uja anamera ndithu, wothithikana, wokongola kuposa wa aliyense mumsewu wathu. Masana nkhandwe yaikazi imaothera dzuwa pomwepo ndi ana ake, popanda woiingitsa.

Dzulo ndinakawaona a Pickering, ndipo ndinawaonetsa chithunzi cha bwalolo pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikusisita galasi, kenaka anandibwezera.

"Musakamuonetse Gillian," anatero. "Nyumba wagulitsa kale. Angodandaula nazo chabe."