Kanyimbo ka Orrin Wopukusa Kamera

Orrin Bledsoe anayamba kujambula mafilimu ku Los Angeles nthawi imene kamera inkayenda ndi dzanja. Unkapukusa chigwiriro. Ukafulumira, anthu pa chinsalu ankayenda ngati odwala. Ukachedwa, ankathamanga ngati awathira madzi otentha. Ndiye wojambula aliyense anali ndi kanyimbo kake koimba chong'ung'udza kuti dzanja lisaphonye liwiro. Ka Orrin kanali ka asilikali, kosakoma n'komwe, koma kanamudyetsa zaka zambiri.

Kenako kunabwera mafilimu olankhula. Kamera anaiika injini n'kuifunditsa mabulangete kuti isasokose, ndipo m'mwamba anapachika maikolofoni yomva ngakhale kulira kwa m'mimba. Dzanja la Orrin linasowa chochita. Linkangoti m'thumba, pa chipewa, m'thumbanso.

"Madala," anatero Kessler, wotsogolera filimu imene Orrin ankajambula, "makampani ena akuthamangitsani kale chifukwa cha kwaya yanu yong'ung'udzayo. Kuno n'komaliza. Mwamva?"

"Pakamwa ndasoka, bwana."

"Musokenso mphuno."

Orrin anaseka nawo, koma mantha anali atamugwira. Ntchito ina sankaidziwa.

Belu linalira, onse anangoti zii. Mtsikana wosewera mufilimuyo anayamba kulira, kutsanzikana ndi mwamuna wake wopita kunkhondo. Orrin anaika diso pa kamera, analuma mlomo, dzanja analipana kukhwapa. Kuwala kunagwa bwino pa tsaya la mtsikanayo, misozi n'kumanyezimira. Pamenepo mtima wake unakhala pansi, koyamba m'miyezi yambiri.

"Basi!" anakuwa Kessler. "Zatheka!"

Koma Milo, wojambula mawu, anatuluka m'kachipinda kake nkhope ili gwaa.

"Bwana, tabwerani mudzamve nokha."

Anabweza mawuwo. Kuseri kwa kulira kwa mtsikanayo kunkamveka munthu akung'ung'udza nyimbo ya asilikali, mokondwa ndithu, osaphonya.

"Si ine," anatero Orrin. Ndipo sankanama, iye sanadzimve.

Orrin anamvetserabe. Zaka zonsezi anali asanamvepo mawu akeake. Dzanja linachoka kukhwapa n'kuyamba kupukusa m'malere, kutsatira nyimboyo.

"Koma liwiro lili bwino, bwana," anatero chapansipansi. "Tamvani, silinasokonekere."

Palibe anaseka. Kessler anatenga jekete la Orrin pa msomali n'kumugwirira kuti avale.

Dzanja lamanja linavuta kulowa. Linali likupukusabe.