Dzenje la Kuseri kwa Bafa

"Mumangeni kaye, alamu. Apo ayi ine sindilowa."

A Jaffalie anaima pachipata cha mpanda wa bango atakwinya mkanjo ngati munthu wofuna kuwoloka mtsinje. Galuyo sanawauwe n'komwe. Anangogona pakhonde, chibwano chili pa patapata za Swadick, mng'ono wawo amene anamuika m'manda dzulo lake.

"Lowani, sakukhudzani," anatero a Ajira, mkazi wa malemuyo. "Amawadziwa anthu osamufuna."

Analowa, koma mawuwo anawalasa. Amati chibale n'fupa sichiola, koma fupa la anthu awiriwa linatha zaka zisanu ndi chimodzi lili padzuwa, ndipo chiyambi chake chinali galu yemweyu, Pole. Swadick ankagwira ntchito pa kanyumba kena ku Malindi kothandiza ana osweka mtima, ana amene anaona zosayenera kuona mwana. A bungwe anabweretsa galu wophunzitsidwa kukhala ndi ana otere, n'kufunsa woti azimusamala. Onse anayang'ana kumbali, Swadick n'kukweza dzanja. Bungwelo litanyamuka, monga amachitira mabungwe, galu anatsala, ana anatsala, Swadick osaleka.

Mwana wa shehe kuyenda ndi galu pamsewu! Kumzikiti anthu anayamba kusuntha akaima nawo pamzere, mpaka iye analeka kupitako. A Jaffalie anamuuza maso ndi maso kuti asankhe, galu kapena mkulu wake. Swadick anangoti, "Achimwene, ana akundidikira," n'kukwera njinga.

Dzulo a Jaffalie anasambitsa okha thupi lake. Pamene ankatsuka manja aja, chinawapweteka koposa imfa chinali choti akuika m'manda munthu amene anataya swala, mapemphero a tsiku ndi tsiku, chifukwa cha galu.

"Mawa ndi sadaka ya tsiku lachitatu," anatero a Jaffalie atakhala pampando, kutali ndi khonde. "Mashehe salowa muno ameneyu alipo. Ndayankhula ndi munthu wa loji ina cha ku Makokola. Akubwera masana ano, akufuna galu wolondera."

"Wolondera? Galu wosadziwa ndi kuluma komwe? Akakamumanga pa tcheni mwezi satha."

"Si wanu, si wanga. Mwini wake wapita."

"Nanga ana aja?"

"Ana ali ndi makolo awo. Ndiye inu muli pa eda, miyezi inayi simutuluka. Azimuperekeza ku Malindi ndani?"

A Ajira anakoka mpango kumaso. A Jaffalie anadziwa kuti apambana. Kupambanako sikunawakomere.

Chipata chinalira. Analowa mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zitatu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa pakati pa akuluakulu awiriwo ngati akudutsa mitengo, n'kukakhala pansi pakhonde.

"Mwana wa ndani wopanda mwamboyu?"

"Naima," a Ajira ananong'ona. "Mayi ake anamira iye akuona, boti la ku Makanjira litagubuduka. Chichokereni m'madzimo sayankhula ndi munthu. Lero Lachitatu, tsiku lake. Waona kuti galu sanafike, wamulondola wapansi."

Pole, amene chimwalirireni mbuye wake sanadye kapena kudzuka, anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuika mutu pamiyendo ya mtsikanayo, n'kukhala duu. Mchira wokha ndiwo unagunda pansi kawiri. Naima anamusisita kumbuyo kwa makutu nthawi yaitali, kenako anawerama. Mawu ake anali osasa ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri, koma pabwalopo panali zii, moti anamveka.

"Pole, akuti ankolo apita. Amayi anapitanso. Iwe usapite, wamva?"

A Jaffalie anayang'ana pansi. Akanakonda akanapanda kumva. Koma munthu akanena mawu pamaso pa mlamu wake sabweza msanga, ndiye anatola chingwe cha mbuzi chimene anabwera nacho, n'kuyandikira khonde mwammbali. Anatambasula dzanja kuti akole khosi asanakhudze ubweya. Galuyo anatukula mutu, ananunkhiza, mwina anamva fungo la magazi amodzi, n'kuwanyambita pachikhatho.

"Astaghfirullah!"

Chingwe chinagwa. Nthawi yomweyo azana yoitanira anthu ku swala ya masana inamveka kuchokera kumzikiti, iwo dzanja lili m'mwamba ngati lapsa.

"Pitani kuseri kwa bafa, alamu," anatero a Ajira. "Zonse zili komweko."

Kuseriko anapeza ndowa ya madzi yovundikira bwino, ndi chikho. Pambali pake panali dzenje lofika m'bondo, lozungulira, losalala m'mbali. Silinali la khasu. Pansi pake pankaoneka mizere inayi ya zala, pamene munthu anatapa dothi komaliza. Pa msomali wa mpanda panapachikidwa kamkeka ka swala, koperepeseka malo a mawondo ndi a chipumi mpaka kuonekera kuwala.

Mwana wa shehe sachita kuuzidwa. Malovu a galu amachoka ndi kusamba kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Bambo awo anawaphunzitsa zimenezi onse awiri, atakhala pamphasa imodzi.

"Limenelo ndi lachitatu," anatero a Ajira ali kuseri kwa bango. "Awiri tinakwirira. Amuna anga sanadumphepo swala, ngakhale tsiku limene anadwala. Kumzikiti analeka kuti anthu asamasokoneze mzere chifukwa cha iwo."

"Osandiuza bwanji?"

"Ankati akulu sawatsutsa. Ankati tsiku lina mudzabwera kudzadya, mudzaona nokha."

A Jaffalie anagwada m'mphepete mwa dzenjelo. Kumanda sanalire, anthu mpaka anawayamikira kulimba mtima. Apa analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, chifukwa anabweradi, koma anabwera mochedwa ndi masiku awiri, atanyamula chingwe.

Kumsewu galimoto ya munthu wa loji uja inaliza hutala.

"Ndiwauze chiyani?" anafunsa a Ajira.

A Jaffalie anapukuta nkhope ndi mkono wa mkanjo. "Tumani munthu akawauze kuti pepani, avutika ulendo. Mashehe mawa akakhale kwathu, mpunga tikaphikire komweko." Anayang'ananso m'dzenjemo. "Ku Malindi galuyu amafikako nthawi yanji?"

"Ikamakwana eyiti. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka."

A Jaffalie anawerama. Anapinda mkono wa mkanjo mpaka m'chigongono, n'kupisa dzanja m'dzenje muja. Zala zawo zinalowa m'mizere ya zala za mng'ono wawo, ndipo zinakwana ndendende. Anatapa dothi, natunga madzi ndi chikho, n'kuyamba kuwerenga chapansipansi, monga ankawerengera bambo awo.

"Kamodzi."