Msewu Umene Mayi Gunhild Sankawoloka

M'tauni ya Brekke, ku Nebraska, ngakhale mwana ankadziwa kuti mayi Gunhild sawoloka msewu waukulu. Tchalitchi chinali kutsidya, sitolo kutsidya, koma iwo ankalolera kuzungulira kuseri kwa siteshoni ya sitima, matope mpaka m'maondo. Pakamwa pa anthu sipasowa zonena: ena ankati amaopa akavalo, ena ankati mutu suyenda bwino. Amuna awo, a Halvor Brekke, amene tauniyo inatengera dzina lawo, ankaganiza kuti chifukwa chake akuchidziwa.

Pamene awiriwa ankafika kumeneko kunalibe nyumba, kunalibe mtengo, udzu wokhawokha mpaka polekezera maso. Mwana wawo wamkazi, Siri, anamwalirira m'ngolo imene anabwera nayo, ndipo anamuika pomwepo. A Halvor anachita zimene apaulendo onse ankachita: anayendetsa ng'ombe ndi ngolo pamwamba pa mandawo, uku ndi uku, kuti mimbulu isanunkhize n'kufukula.

"Tikakhazikika ndidzaikapo mwala," anawalonjeza akazi awo.

Koma zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwala kumeneko unali wochita kuusaka. Ngolo zobwera m'mbuyo zinaona mapazi a mateyala n'kumangotsata. Kanjira kanasanduka msewu. Kunabwera wosula zitsulo, kenako sitolo, kenako njanji. Pamene matauni ankalimbirana kukhala likulu la dera lonselo, a Halvor ndiwo anali patsogolo, ndipo anapambana. Udzu unatha, malo anasintha nkhope. Pomwe a Halvor ankati akumbuke za mwala uja, sankadziwanso ngati mwanayo ali pakhomo pa ometa tsitsi kapena pa khoti. Manyazi ankawagwira kufunsa akazi awo, koma mtima unkakhala pansi poganiza kuti mayi saiwala pamene pagona mwana wake.

Tsiku lina meya, a Dunlap, anawapeza pakhonde.

"Achikulire, mawa tikuyala njerwa mumsewu, matope atikwana. Yoyamba muika ndinu. Si munauyamba ndinu msewuwu? Diso munali nalo, unawongoka ngati munachita kukoka chingwe!"

A Halvor analowa m'nyumba. Anapeza akazi awo akukanda ufa wa buledi.

"Mayi a Siri, mawa akutseka msewu ndi njerwa. Tandilozerani pamene pali mwana, ndikumbe lero, tikamuike kumanda ngati munthu."

Mayi Gunhild anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Mukuti ndikudziwa?"

"Nanga zaka zonsezi..."

"Bambo a Siri, ndikanadziwa, bwenzi ndikuzungulira msewu wonse? Si bwenzi ndikungolambalala pamalo pomwepo? Ine ndinkati mukudziwa ndinu, poti mumayendamo osaopa."

Kutacha, a Halvor anagwada n'kuika njerwa ija, anthu akuwomba m'manja, malipenga akulira. Anakhalabe chogwada, misozi ikudonthera pa njerwayo, meya n'kumauza anthu kuti ndi chimwemwe.

Nyumba yawo inali pomwepo, kungowoloka basi. Koma a Halvor anazungulira kuseri kwa siteshoni, m'matope.