Feni ya m'Jiyaozi

Shao Yunxia anatsina kawiri pakona pa jiyaozi imodzi, kachitumbuwa kaufa kowiritsa m'madzi, naiika pakati pa zinzake ngati palibe chachitika. M'kati mwake, pamodzi ndi nyama ndi kabichi, munali feni, kandalama kopepuka koti ana a masiku ano akakaona mumsewu sawerama n'komwe. Zimafunika zana kuti zikwane yuwani imodzi, ndipo mumzinda wa Fushun monse mulibe sitolo ingakupatse nako ngakhale kamtengo ka machesi. Koma m'mawa wa Chaka Chatsopano umenewo, moyo wa apongozi ake unali pa kandalama komweko.

Madokotala anali atanena kuti apongozi akewo, a Qiu Deshan, akapanda kuchotsedwa chotupa cha m'mimba, sadzaona chisanu cha chaka chamawa. Mkuluyo anakalambira mumgodi wa malasha, ndipo kuuma mutu kwake kunali kodziwika mpaka kumsika. Chaka chilichonse malemu akazi awo ankabisa feni yomweyi m'jiyaozi imodzi, kuti woiluma akhale wamwayi chaka chonse. Tsono dzulo lake mkuluyo anagamula: "Feni ikagwera ine, ndipita kuchipatala. Ikagwera wina, kumwamba kwalankhula, mundisiye."

Qiu Lan, mwana wawo wamkazi wokwatiwa ndi mzungu ku Sydney, analowa m'khitchini akupinda manja a juzi.

"Kakadalipo ka senti ka Amayi kaja?"

"Senti?" anakuwa a Qiu ali pabalaza. "Mzungu wako uja amati feni bwinobwino pachingerezi chakecho, iwe wobadwira muno n'kumati senti! Wasiya manyazi m'ndege?"

Lan anaseka, nalanda chipande. "Mlamu, pumulani, ndipakula ndine."

Yunxia anasuzumira mumphika. M'madzi obwadamuka ma jiyaozi anali atafufuma, onse nkhope imodzi. Anaima kumbuyo kwa mlamu wakeyo maso ali tong'o, mpaka anaiona yotsinidwa kawiri ija ikutsetserekera m'mphepete mwa mbale yaikulu. Patebulo anazunguza mbaleyo ngati akuikonza, mbali ija n'kuloza kwa apongozi.

Haitao, mwamuna wa Yunxia, pachakudya sadikira munthu. Timitengo take todyera tinalunjika pomwepo. Yunxia anamuponda phazi mwamphamvu.

"Mayo! Ndalakwanji?"

"Bambo asanayambe? Ulemu ulibe?"

A Qiu anatola jiyaozi ija, naiviika m'viniga, naiponya m'kamwa. Anatafuna. Nsagwada zinaima pang'ono, Yunxia anaona ndi maso ake. Kenako mkuluyo anameza, naika timitengo pansi.

Enawo anapitiriza kudya, aliyense akuluma mosamala. Mbale inayamba kuoneka pansi. Haitao anatsiriza yomaliza, nakhala kukamwa yasa.

"Nanga yapita kuti? Kapena ndameza ine?"

"Iwe ungameze ndi supuni yomwe osamva," anatero Lan. Anatembenukira kwa bambo ake. "Bambo, inu simunamve kanthu?"

Mkuluyo anapukusa mutu, milomo ili yotseka.

Yunxia anayang'ana tsaya lawo lakumanzere. Linali lotukuka pang'ono. Mkwiyo ndi mantha zinamugwira nthawi imodzi. Akakhala chete, apongozi ake afa ali ndi feni m'kamwa. Akanena, amufunsa kuti wadziwa bwanji kuti ili mmenemo ngati sanabere. Ndipo mkulu ameneyu akangomva zoti anapusitsidwa, pangano latha. Apa khoswe anali atakhala pamkhate.

Panja makombola a chikondwerero anali kuphulika. M'nyumbamo a Qiu anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti adzuke.

"Lavulani, Bambo."

"Yunxia!" anadzidzimuka Haitao.

"Ili kutsaya lakumanzere. Ndinaitsina kawiri ndine, mbale ndinazunguza ndine." Misozi inali itayamba kutsika, koma sanaipukute. "Kumwamba sikunalankhule chilichonse, kaya kuli kalikiliki ndi zina. Ndalankhula ndine. Sindikufuna mufe. Mukafuna kundikalipira, mukandikalipirire kuchipatala."

Mkuluyo anamuyang'ana. Kenako anawerama, feni n'kugwera m'mbale kuti ngwee.

"Ukuyesa sindinaone?" anatero ndi mawu osasa. "Apongozi ako ankatsinanso kawiri, pakona pomwepo. Chikwatiraneni, feni inkangogwera ine, ine n'kumanamizira kudabwa. Lero nditaona chizindikirocho ndinati, basi, mayi uja akundiitana."

"Si iwo, Bambo. Ndine."

A Qiu anatola kandalamako, nakapukuta pamalaya, nakaika m'dzanja la Yunxia. Zala zawo zinali zozizira.

"Sunga. Chaka chamawa udzatsine kamodzi, ndione ngati mwayi ndili nawodi." Anatembenukira kwa Haitao. "Iwe mmeza-zonse, madokotala aja anati tipite liti?"