Basi Yachiwiri

"Amayi, kodi anthu a mumzinda muno miyendo ali nayo?"

Anafunsa choncho mwana wa Kafupi ali wamng'ono, tsiku lina ataima ndi amake m'mbali mwa msewu waukulu kudikira mpata woti awoloke. Mpatawo sunabwere. Mwanayo ankangoona mitu yokhayokha m'mawindo a galimoto, ina ikutafuna, ina ikulankhula yokha, yonse ikudutsa ngati mphepo. Amake anaseka, namuuza kuti miyendo ali nayo, kungoti amaisunga. Kenaka anamubereka n'kuzungulira kukafuna mlatho.

Mzindawo anaumanga anthu oganizira matayala. Sitolo ili uko, chipatala uko, sukulu kuseri kwa misewu ina, ndipo pakati pa zonsezi pali phula lokhalokha ndi mabwalo oimikapo galimoto, aakulu ngati minda. Njira ya oyenda pansi imayamba bwinobwino, kenaka imangothera pa mpanda wa waya osatsanzika. Wopanda galimoto amaphunzira kuyenda ngati khoswe m'nyumba ya eni, m'mphepete, mothamanga, maso uku ndi uku.

Kafupi ankagwira ntchito mochapira zovala mwa hotela ina kutsidya kwa mzinda, m'chipinda chapansi chopanda zenera, mmene makina amalira tsiku lonse ndipo nthunzi imanyowetsa ndi nsidze zomwe. Iye anali wosita ndi kupinda nsalu za pabedi. Ntchito imeneyi ndiyo inkasunga iye ndi mwana wake uja. Kuti akafike ankakwera mabasi awiri. Yoyamba inkamutsitsa mbali ino ya msewu waukulu, yachiwiri inkaima tsidya linalo, ndipo pakati pake panali mlatho wa oyenda pansi wa masitepe ambirimbiri. Amene anakonza nthawi za mabasiwo ayenera kuti sanakwerepo basi chibadwire, chifukwa yoyamba ikamafika, yachiwiri imakhala ikufuna kutseka chitseko. Ukaiphonya, yotsatira imabwera dzuwa litakwera, kapitawo atayamba kale kufunsa kuti uje ali kuti.

Zaka zonsezi Kafupi sankaiphonya, chifukwa cha mnansi wake wa khomo loyandikana, mayi wogulitsa m'sitolo ya matayilosi kupitirira hotela ija. Mayiyo anali wamtali zedi, ndipo mayina awiriwa, Mtali ndi Kafupi, anawapatsa ndi dalaivala wa basi yachiwiriyo. Awiriwa anali ndi kachitidwe kawo. Basi yoyamba isanaime, Mtali amakhala ali kale pachitseko, chikwama atasiyira mnzake. Chitseko chikangotseguka, uyo, masitepe awiriawiri, kuwoloka mlatho, kutsika, n'kuponda phazi limodzi m'basi yachiwiri, linalo pansi. Pamenepo amayamba kufunafuna khadi lake lolipirira basi m'matumba onse, mofatsa, ngati sakudziwa kuti lili m'dzanja, mpaka Kafupi atulukire ali wefuwefu ndi zikwama ziwiri. Dalaivala ankazidziwa zonsezi. Ankangopukusa mutu n'kunena kuti tsiku lina adzanyamuka ndi mwendo umodziwo, winawo udzabwere ndi basi yamasana.

Kenaka Mtali anagula galimoto.

Inali yakale, yobiriwira, chitseko chimodzi chakumbuyo chili chotuwa, chochokera ku galimoto ina. Kafupi anatuluka kukaiona limodzi ndi anthu ena a pabwalopo. Anaisisita, anati ndi yokongola, ndipo sikuti ankanama. Ankadziwa mmene mnzakeyo anadzimanira kuti aipeze. Koma atabwerera m'nyumba anamva chinthu chitatsamira pachifuwa, ngati wameza mbatata yotentha osatafuna.

M'mawa mwake ananyamuka nthawi yake ya masiku onse, wapansi, kulowera ku siteji ya basi yoyamba. Sanagogode kwa mnzake. Mumtima ankati mwini galimoto ndiye aitane. Ali chiimire pa siteji, galimoto yobiriwira inaima patsogolo pake, pamalo penipeni poimira basi, galasi n'kutsika.

"Asisi, kwerani tizipita."

"Ayi, musavutike, pitani. Basi ili pafupi."

Apa ndi pamene zinalakwika. Kafupi analeredwa ndi mayi amene ankati chopatsidwa sulandira ulendo woyamba. Umakana kaye, akukakamize, ukanenso pang'ono, kenaka ulandire ndi manja awiri. Ankadikira kuti Mtali anenenso. Dzanja linali litagwira kale lamba wa chikwama, phazi litasendera kutsogolo. Koma kumbuyo kwa galimotoyo kunali lole, kumbuyo kwa lole kunali basi, zonse zikuliza mahutala. Mtali anali asanachizolowere chiwongolero. Thukuta linamutuluka, galimoto inadumpha ngati chule n'kupita. Msewu wa mumzindawo sudikira kuti munthu afunsidwe kawiri.

Tsiku limenelo Kafupi anafika pamwamba pa mlatho n'kuona basi yachiwiri ikukhota pa maloboti.

Kuyambira pamenepo Mtali sanaimenso. Ankadutsa n'kukweza dzanja, Kafupi nayenso n'kukweza lake. Posakhalitsa pampando wa kutsogolo panayamba kuoneka mutu wina. Anali mtsikana wa kuntchito kwa Mtali, wokhala misewu iwiri kuseri kwawo. Kafupi anamutcha Pefyumu, chifukwa tsiku lina atabwera kudzacheza, fungo lake linatsala pabwalo mpaka zovala za pachingwe zinalitenga. M'mawa uliwonse Kafupi ankawaona kuseri kwa galasi akuseka, ndipo ankadzifunsa kuti akuseka chiyani. Nkhani zimene Mtali ankamuuza iye m'basi, za makasitomala osankha matayilosi tsiku lonse n'kutuluka osagula, tsopano ankazimva ndi wina. Galimotoyo ankaichitira kaduka, koma mpando uja unkamupweteka kuposa galimoto.

Khoma la pakati pa nyumba zawo linali lopyapyala, ndipo silinamubisire kanthu. Akamadzuka kunja kusanayere, ankamva Mtali akuliza nkonono. Madzulo ankamva makiyi akugwera patebulo, kaphokoso kakang'ono, koma kankamufika mpaka m'mano. Mtali anasiya nsapato zafulati n'kuyamba kuvala zagogoda. Ankabwera ndi thumba lalikulu la sopo, mafuta a m'chigubu, ndi mpando womwe wa pulasitiki, pamene Kafupi ankagula zokwana m'manja awiri, n'kumazisinthasintha pokwera masitepe a mlatho. Tsiku lopuma Mtali anabwereka ndowa kuti atsukire galimoto. Kafupi anapereka ndowayo akumwetulira, ndipo itabwera anaitsuka kawiri.

Ankadziwa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kangapo anafika mpaka pakhomo pa mnzake, mawu atawakonza kale, koma pakamwa pankatuluka zina, za madzi amene akuchepa mphamvu kapena za zinyalala zimene sanabwere kudzatenga. Akanapempha bwanji chinthu chimene anachikana yekha anthu a pa siteji akuona? Nanga akakauzidwa kuti akhale kumbuyo?

Anayesa kuthamanga yekha. Anasiya ambulera kunyumba kuti apepukidwe, ankaima pachitseko basi isanaime, koma miyendo yake inali yomweyo. Dalaivala uja ankamudikirako akamuona pamwamba pa mlatho, mpaka mabwana ake anamusinthira njira ina, n'kubwera mnyamata wosayang'ana m'mbali. Kafupi anayamba kuchedwa, lero, mkuja, kenaka masiku otsatizana.

Kapitawo wake anali bambo wa mawu otsika, wosakonda kukalipa. Anamuitanira kuseri kwa makina oumitsira n'kumuuza kuti manja ake palibe angawadandaule, koma zipinda za kumwamba sizidikira nsalu. Anati akachedwanso kamodzi, malo ake apatsa mtsikana wina wokhala pafupi ndi hotela, amene wakhala akubwera kudzafunsa ntchito. Ananena izi akuyang'ana pansi, ndipo Kafupi anadziwa kuti sakuopseza chabe.

Madzulo a tsiku lomwelo kunagwa mvula. Kafupi anafika pabwalo atanyowa mpaka m'kati, galimoto ina itamuthira madzi a m'chithaphwi pafupi ndi siteji. Galimoto yobiriwira inali itaima kale pamalo pake, ndipo nyali zake zinali chiyakire, zikuwalitsa madontho a mvula pakhoma.

Za galimoto sankadziwa zambiri, koma ichi chokha ankachidziwa, kuti nyali zikagona zoyaka, m'mawa galimoto silira. Khomo la Mtali linali pompo. Anatambasula dzanja kuti agogode, n'kumva mnzakeyo akuseka pa foni m'katimo, akuuza wina kuti asadandaule za mvula, mawa amutenga pakhomo penipeni.

Dzanja lija linatsika. Kafupi anatsegula kwake n'kulowa.

Sitinganene kuti anakonza chiwembu. Akanafunsidwa, mwina akanati anali wotopa, kapena ankaganiza kuti mwini wake atuluka. Koma pophika anasuzumira pakatani kangapo, n'kuona nyali zija zikusanduka zachikasu, ndipo chinthu chija cha pachifuwa chinapepukako. Kupepukako ndi kumene kunamuchititsa manyazi.

M'mawa, akumanga nsapato, anamva galimoto ikutsokomola kamodzi, kawiri, kenaka zii. Patapita kanthawi kunamveka kugogoda. Mtali anaima pakhomo ndi chikwama, atavala zagogoda zake, nanena kuti batire yafa, ndipo anafunsa ngati basi ikadali nthawi yomwe ija. Kafupi anati ndi yomweyo. Anayenda limodzi mpaka ku siteji, Mtali akudandaula za mutu wake woiwalaiwala, Kafupi akungoti pepani, pepani, maso ali kumsewu.

M'basi yoyamba Kafupi anamuuza za kapitawo. Sanafune kutero, zinangotuluka. Mtali anamuyang'ana nthawi yaitali. Atayandikira msewu waukulu anawerama, navula nsapato zonse ziwiri, naziika pamiyendo pa Kafupi pamodzi ndi chikwama, n'kukaima pachitseko.

Kafupi anamuona akukwera mlatho wopanda nsapato, pa simenti yonyowa, masitepe awiriawiri ngati kale, ngakhale kuti pofika pamwamba anagwira chitsulo n'kupumira kaye. Iye anatsatira ndi katundu yense, mawondo akulira. Potsika tsidya linalo anapeza basi ikadali pompo, Mtali phazi limodzi m'kati, lina pansi, dalaivala wachinyamata uja akumuuza kuti asankhe, kulowa kapena kutsika.

"Ndikudikira nsapato zanga, achimwene," anatero Mtali. "Mukufuna ndikafike kuntchito chonchi? Si izo zikubwera apozo."

Anthu m'basimo anaseka. Dalaivala sanaseke, koma anadikira.

Awiriwo anakhala pampando umodzi chakumbuyo. Mtali ankapukuta mapazi ndi mpango, chala chimodzi chikutuluka magazi pang'ono pamene anapunthwa. Kafupi anayang'ana chalacho mpaka analephera kupirira.

"Asisi, nyali zija ndinaziona dzulo."

Mtali anasiya kupukuta.

"Munaziona?"

"Ndinaziona. Sindinagogode."

Basi inadutsa mabwalo a galimoto, malo omwetsera mafuta, sitolo zikuluzikulu zosatsegula, Mtali akuyang'ana pawindo. Kafupi ankadikira mawu oipa, ndipo akanawalandira. Koma Mtali atalankhula, anayamba ndi zina. Anati tsiku lija pa siteji anapita kuntchito akuganiza kuti mnzake akuopa kuphedwa ndi dalaivala wongophunzira kumene, kapena galimoto ya zitseko zosiyana ikumuchititsa manyazi. Anati anamutenga mtsikana wa pefyumu uja chifukwa ankaopa kuyenda yekha mumsewu waukulu, ankafuna womuuza ngati kumanzere kukubwera chinthu. Kafupi anati iye ankadikira kufunsidwa kachiwiri. Mtali anafunsa ngati sanaione lole ija. Kafupi anati anaiona.

"Ndiye mumafuna indiponde ndikukunyengererani ngati mkwatibwi?"

Palibe anaseka, koma mapewa awo anagundana basi itakhota, ndipo palibe anasendera.

Hotela inayamba kuoneka patali, nthawi ikadalipo. Kafupi anakonza chikwama. Panali funso limodzi limene linkamuyabwa, ndipo ngakhale anadziwa kuti lero sanayenere kulifunsa, analifunsa. Anafuna kudziwa kuti kutsogolo kuzikhala ndani. Mtali anayankha mosazungulira kuti mtsikana uja sangamutaye, anamuthandiza masiku a mantha, ndipo akakhala kumbuyo amachita nseru. Chinthu chija chinabwereranso pachifuwa pa Kafupi, chocheperako, koma chomwecho.

Basi inaima. Mtali anamugwira mkono asanaimirire.

"Za batirezo sindinakukhululukireni, zimenezo tikambirana madzulo. Koma ntchito simuluza. Galimoto ikadzuka, tsiku lililonse ndizikutulani pageti pa hotelayi. Ikapanda kudzuka, ndizithamanga. Kungoti ine sindidzakufunsaninso, ngakhale kamodzi."

"Simudzafunsa," anatero Kafupi. "Muzindipeza nditaima kale pa chitseko chotuwacho."