Tulo ta Panjanji

Njanji yodutsa kumpoto kwa tauni yawo inasiya kuona sitima Jolene Haugland asanamere n'komwe mano. Udzu unamera pakati pa zitsulo, mbalame zinkaikiramo mazira popanda wozisokoneza. Koma lamulo ndi lamulo. Basi ya ana a sukulu ikafika panjanji imaima, dalaivala n'kutsegula chitseko, n'kutchera khutu. A Orvil Brekke anachita zimenezi kuyambira tsitsi lawo lili lakuda mpaka linayera mbee, kumvetsera sitima imene aliyense m'chigawo chawo cha North Dakota ankadziwa kuti sikubwera.

M'mawa umenewo chifunga chinagona paminda ya mpendadzuwa wouma, dziko lonse lili zii. Jolene anali pagalimoto yake m'mbuyo mwa basi, ulendo wa ku kachipatala kake. Kumeneko iye ndiye anali zonse. Dokotala ankabwera kamodzi pamwezi, msewu ukalola. Jolene anali namwino wa mabanja, mmodzi mwa aja anapitiriza maphunziro mpaka analoledwa kuyeza wodwala, kupeza nthenda ndi kulemba mankhwala. M'mawa ankabaya khanda katemera, masana n'kusoka chala cha bambo wake, chakumadzulo n'kukangana ndi agogo a khandalo pa nkhani ya shuga. Matupi a m'deralo ankawadziwa mzere wonse, ndi mabodza awo omwe.

Basi inaima panjanji, nyali zake zikuphethira m'chifungamo. Naye anaima. Mtundu wachikasu wa basiyo unamukoka pang'onopang'ono, ndipo anapezeka ali kamtsikana, atakhala pampando wa kuseri kwa dalaivala, m'basi mukununkha malalanje ndi nsapato zonyowa. Kwawo kunali komalizira, kumapeto kwenikweni kwa msewu. Anzake onse akatsika, iye ankagona, mutu uli pagalasi, minda ikusambira panja. Ankadzidzimuka atafunditsidwa jekete la a Brekke, ndipo masiku ena ankadzukira m'manja mwawo akumupereka kwa mayi ake pageti.

Atadzidzimuka m'maganizomo, nyimbo ya pawailesi inali itatha, ina yayamba, nayonso ikupita kumapeto. Basi inali pomwepo, chitseko chili pululu.

Anatsika n'kuyenda m'chifunga, phazi lake losamveka. Atakwera masitepe a basi anapeza ana onse ali chete, maso ali kumene njanji inkasowera. Kamtsikana ka pampando wa kutsogolo kanaika chala pamlomo.

"Akumvetsera sitima," kanatero monong'ona.

A Brekke anali m'tulo. Chibwano chili pachifuwa, dzanja lili pa chotsegulira chitseko, phazi limodzi lokha ndilo linagwira basi yonse pa buleki. Jolene anakoka kaye buleki ya dzanja, kenako anawagwira paphewa.

Anatsegula maso mofatsa, n'kumuyang'ana ngati amamuyembekezera. "Kulibe sitima," anatero.

"Kulibedi, bambo. Galimoto yanga yandikana. Mundinyamulako?"

Linali bodza, ndipo onse awiri anadziwa. Anakhala pampando wake wakale uja n'kuwafunsa za mtengo wa mpendadzuwa, za bondo lawo, za galu wawo, osawapatsa mpata wopuma mpaka basi inalowa pageti la sukulu. Potsika anawauza motsitsa mawu kuti masana ana atengedwa ndi dalaivala wina, ndipo iwo abwere kuchipatala pamodzi ndi mayi Verna, akazi awo.

Amuna a kumeneko sadwala. Mwamuna akhoza kubwera atanyamula chala chake m'thumba la malaya, n'kukuuza kuti wangodutsa, akazi ake ndiwo amukakamiza. Choncho nthenda ya mwamuna umaipezera pa mkazi. Mwezi wapitawo mayi Verna anabwera kudzapempha mankhwala ogonetsa. Jolene sanathamangire kulemba, anafunsa kaye chimene chimawalanda tulo. Anati mkonono wa mdala wawo anauzolowera kale, sunkawavuta. Chinkawavuta n'chakuti mkononowo umaduka mwadzidzidzi, mdalayo n'kukhala osapuma, iwo ali tcheru kudikira kuti ayambirenso. Jolene anawauza kuti abwere nawo. Mdalayo anayankha kuti alibe nthawi yoseweretsa. Tsopano Jolene ankadziimba mlandu kuti sanapite kukawakoka yekha.

Masana anafikadi, mayi Verna atanyamula mikate yopyapyala ya mbatata yokulunga m'kansalu, poti kwa munthu sapita chimanjamanja ngakhale akukakudzudzula. A Brekke anakhala pabedi loyezera, chipewa chili pabondo. Sabata yomweyo anayenera kuyezedwa thupi, monga amachitira madalaivala onse, ndipo popanda siginecha ya Jolene chiwongolero cha basi sakanachigwiranso.

"Yeza msanga, Jo, usayine. Ndili bwino ngati ng'ombe."

Anawayeza. Magazi ankathamanga kuposa chaka chatha, khosi litanenepa, kukhosi kutapanikizika. Anawafunsa ngati amadzuka mutu ukuwawa. Anati ndi khofi. Anawafunsa ngati amasinza masana. Anati amangopumitsa maso.

"Kupumitsa maso!" anatero mayi Verna. "Lamlungu anapumitsa maso m'tchalitchi mpaka abusa anasiya ulaliki kuti amve kumene kukuchokera thalakitala."

"Ulaliki wake umenewo ngakhale angelo akanagona."

"Nanga pa tebulo, supuni ili m'kamwa? Unalinso ulaliki? Muuzeni mwanayu zoti mumasiya kupuma. Mukapanda kunena ndinena ndine, ndatopa kukhala mlonda wa mphuno zanu."

Jolene anayamika mumtima kuti zachokera pakamwa pa mayi Verna eni ake, poti za wodwala mmodzi sankaziulula kwa wina, ngakhale agone pabedi limodzi. Anakokera mpando pafupi n'kufotokoza mwachidule. Akagona, njira ya mpweya imatsekeka, thupi n'kumadzidzimuka lokha mobwerezabwereza iwo osadziwa, ndiye tulo timene tinabedwato timabwera kudzatenga malo ake masana. Nthendayi ili ndi thandizo. Kuchipatala chachikulu cha kumzinda amagoneka munthu n'kuona m'mene akupumira, ndipo ambiri amabwerako ndi kamakina kowathandiza mpweya.

"Mukayamba kugona bwino, tidzaonanso. Mwina mudzabwerera pabasi. Koma lero sindisayina, bambo."

"Mwina."

"Sindikunamizani. Mwina."

A Brekke anayang'ana pazenera. Ana awo enieni anabalalikira kumizinda kalekale, munda anaupereka kwa ena. Chimene chinkawadzutsa m'mawa ndi ana a eni ake aja, ataima m'mageti ndi zikwama zawo. Jolene ankadziwa kuti akuwalanda chimenecho, ndipo zinamuwawa.

"Chaka chino chokha," anatero a Brekke. "Ndiyendetse mpaka masukulu atsekere. Panjanji paja sipadutsa kanthu, iwe ukudziwa."

"Tulo sitikudziwa kuti paja ndi panjanji. Mawa tidzakupezani pamlatho."

"Iwe Jo," mawu awo anakwera, kenako anathyoka. "Iwe amene ndinkakunyamula uli m'tulo, dovu likutsikira pajekete langa? Lero ndiwe wondichotsa pampando?"

Jolene anafuna kuyankha ngati namwino, koma amene anayankha ndi kamtsikana kaja ka mkati mwake, kamene kankagona m'basi.

"Ndinkagona chifukwa inu munali maso."

Mayi Verna anayamba kuwongola kansalu ka mikate kamene kanali kowongoka kale. A Brekke anavala chipewa, anapisa m'thumba, n'kuika makiyi a basi pabedi loyezera, osati m'manja mwake. Anatuluka osatsanzika.

"Musiye," anatero mayi Verna pakhomo. "Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu limayamba lawawa kaye."

Linawawadi. Masiku otsatirawo a Brekke akakumana naye kusitolo ankapeza chochita ndi mashelefu a misomali. Jolene anaimbira kumzinda kangapo mpaka anawapezera malo, anauza akusukulu kuti asathamangire kulemba dalaivala wokhazikika, anasinthanso mankhwala awo a magazi. Moni sanalandire. Madzulo akamatseka chipatala ankaona basi ikubwerera ndi munthu wina pachiwongolero, ndipo inkaoneka ngati nyumba imene eni ake anasamuka.

Tsiku lopita kumzinda linafika. Mayi Verna maso awo sankawalola kuyendetsa mtunda wautali, ndipo mdalayo anali ataletsedwa kugwira chiwongolero chilichonse. Jolene anati ali ndi msonkhano komweko, angowatengako. Limeneli silinali bodza lonse.

A Brekke anakwera kutsogolo, kachikwama kali pamiyendo, nkhope ili gwa. Chifunga chinali chitabweranso. Ananena kuti Jolene akuthamanga kwambiri. Patapita kanthawi ananena kuti akuyenda ngati nkhono. Pa geti lililonse limene ankadutsa ankatchula dzina la mwana wa pamenepo, motsitsa, ngati akuwerengera yekha, kenako anayamba kusakaniza ana a lero ndi makolo awo, mpaka anatchula dzina la Jolene yemwe. Mawu anayamba kutalikirana. Mutu unapendekera pagalasi.

Galimoto wamba siikakamizidwa kuima panjanji yakufa. Jolene anaima. Anatsitsa galasi, mphepo yozizira inalowa ndi fungo la minda yokololedwa. Anatchera khutu. Kunalibe sitima. Chimene anamva ndi mpweya wa mdalayo, ukulowa, ukutuluka, kenako unaduka. Anadikira, dzanja lili m'mwamba pafupi ndi phewa lawo. Mpweya unabwerera ndi kamkonono.

Anavula jekete lake n'kuwafunditsa mpaka m'khosi.

"Gonani, bambo," anatero. "Ine ndili maso."

Anakweza galasi n'kuwoloka njanji pang'onopang'ono, kuti zitsulo zisawadzutse.